Makanga a m'chiuno mwa amayi

Chaka chimene boma linatisamutsira ku kijiji cha ujamaa, mudzi wolima pamodzi, kumtunda kwa Mbamba Bay, amayi anga, a Dorotea, anayamba kuonda. Ndinkadziwa ndine ndekha, chifukwa ndine ndinkawakulunga nsalu za makanga m'chiuno m'mawa uliwonse, ina pamwamba pa inzake, iwo n'kuphimba ndi bulauzi yawo yaikulu.

"Manga zolimba, Anjela," ankatero. "Ine ndakula ndili wonenepa. Ukufuna anthu aziti abambo ako atangomwalira ndayamba kugona ndi njala?"

Za chotupa cha m'bere lawo sitinkakamba. Ndinachiona tikusamba, iwo anaona kuti ndaona, basi. Kuyambira pamenepo mtima wanga unali m'mwamba, ngakhale kumunda wa kijiji khasu silinkagwirika.

Ndiye kunabwera anesi ochokera ku Mbinga kudzayeza azimayi akuluakulu za khansa. Galimoto yawo inali yobwerera tsiku lomwelo, azimayi ali mbwee, choncho anayamba kusankha: oonda ndi ofooka alowe, ooneka athanzi adikire ulendo wina. Ulendo winawo liti, sananene.

Nesi atafika pa amayi anawasisita paphewa. "Mama awa ndiye afya, thanzi lenileni! Pitani mukalime."

"Mwamva?" anatero a Katarina, anzawo ogulitsa nawo usipa. "Dorotea akakwera sikelo, tisowa poyezera chinangwa!"

Anthu anaseka. Amayi nawonso anaseka, n'kutembenuka kuti azipita.

Ine kusukulu sindinkakweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Apanso zinali chimodzimodzi. Ndinafuna kuitana nesi, koma ndinalephera. Ndiye ndinangopisa dzanja kunsi kwa bulauzi ya amayi, pa mfundo imene ndinamanga ndekha, n'kukoka.

Makanga onse anagwera pafumbi. Bulauzi inangoti lende ngati yayanikidwa pamtengo.

A Katarina anagwira pakamwa. "Mayo ine! Dorotea, zayamba liti zimenezi?"

Amayi anayang'ana ine, ine n'kumadikira mbama.

"Wandivula pagulu, mwana iwe."

"Auzeni za berelo, amayi. Mukapanda kutero ndiwauza ine."

Mawu anga anali otsika, koma nesi anamva. Anakweza nsalu yapakhomo la chipinda choyezeramo, n'kudikira.

Amayi anatembenukira kwa a Katarina.

"Iwe, usangoyasama. Ndigwire mkono."

Analowa awiriwo. Ine sanandiitane.