Mwana Wogona Atagwira Khutu

Lachisanu linali tsiku lachitatu tikupondaponda misewu kufuna sukulu ya mkaka. Mwana wanga wamkazi amayenera kubwerera ku ntchito Lolemba, kusitolo ya mankhwala, ndipo abwana ake anali atanenetsa kuti tchuthi sawonjezeranso. Mdzukulu wanga, amene timangomutcha Kapitawo chifukwa cholamula nyumba yonse ndi chala, anali asanakwane zaka ziwiri. Womubereka kumbuyo ndinali ine.

Malo anayi tinali titawakana kale. Ndikati tinawakana ndikunena mayi wakeyo. Koyamba ana anachuluka. Kwachiwiri anachepa, akuti akasungulumwa. Kwachitatu kunali masitepe. Kwachinayi sindinamvetse, kaya ndi fungo la penti. Zonsezi amalemba m'kope ngati wapolisi.

Palibe anali atatchula, koma aliyense amadziwa kuti malo akapanda kupezeka, Kapitawo atsala ndi ine. Ndinalera anga asanu, ndinalereranso mkulu wa mwana wangayu ana awiri. Msana unandithera pamenepo.

Malo achisanu anali nyumba wamba ya mpanda wa waya, kuseri kwa okonza matayala. M'kati munali chipinda chimodzi chachikulu, timipando ta pulasitiki, tizikwama titapachikidwa pamisomali, ndi mapoti a ana odzithandiziramo asanu ndi limodzi atandandalika kukhoma. Ndinasuzumira m'limodzi. Anali otsuka. Ine zanga zinathera pomwepo.

Mwini wake, mayi wamfupi wa makiyi m'khosi, anatipatsa mipando. Mwana wanga anatsegula kope.

"Mwana akagwa mumatani?"

"Timamudzutsa, mayi."

"Ndikutanthauza akavulala."

"Timamupukuta, timamanga, timakuimbirani. Funso lina?"

Mafunso analipo makumi awiri. Pofika lakhumi ndi chisanu nthawi ya nkhomaliro inali itadutsa, ndipo mlezi wa pamalopo, mayi wojintcha wa imvi amene ana amamuitana kuti Anti, anayamba kuyala timatiresi. Kapitawo kumbuyo kwanga anayamba kulemera. Kenaka dzanja lake linakwera m'khosi mwanga kufunafuna.

Mwana ameneyu sagona popanda kugwira khutu la munthu. Amalipinda, kulikoka, kulitikita mpaka tulo. Usiku ndi la mayi wake, masana ndi langa. M'basi ndinali nditachenjezedwa: "Za khutu musakanene, Amayi. Akaziti tinamulera moipa."

Sindinanene kanthu. Koma Anti anaima ndi bulangete m'manja, nandiyang'ana.

"Agogo, khutu lanulo lafiira ngati lapsa ndi moto. Wa khutu ameneyu?"

Ndinayang'ana mwana wanga. Iye anayang'ana kope.

"Wa khutu," ndinatero.

"Si nkhani. Uyo apoyo ndi wa tsitsi. Uyu sagona popanda sokosi ya bambo ake, yosachapa. Bweretsani kuno bwanayo."

Anavula ndolo imodzi, naiponya m'thumba la epuloni, nakhala pansi mwendo tambalale. Ndinamasula nsalu. Kapitawo analira kawiri, kukwiya chabe, kenaka anapeza khutu latsopanolo. Analiyesa, analipinda. Zinamukomera, poti linali lalikulu kuposa langa. Mphindi zisanu sizinathe, kukamwa yasa.

"Tikambirane kaye panja," anatero mwana wanga kwa mayi wa makiyi.

Tinaima pakhonde. Kuseri kwa mpanda wina amamenya tayala ndi chitsulo.

"Mwamva phokosolo, Amayi?"

"Ndamva. Mwanayo wagona."

"Komanso loko wa pageti ali m'munsi kwambiri. Akhoza kufikira."

"Akweza. Ndi misomali iwiri."

Anatseka kope, nalitsegulanso. Maso anali atatupa, poti sabata yonseyo sanagone bwino.

"Amayi, bwanji mwezi umodzi wokha mukhale naye? Ndikhale ndikufufuza bwinobwino."

"Mkulu wako anatinso mwezi umodzi. Ana ake ndinawasiya atavala yunifolomu."

"Ndiye mukukana mdzukulu wanu?"

"Ndikukana kumuthamangitsa. Dzana anatulukira pakhomo kulunjika kumsewu, ine ndikudzukabe pampando. Anamugwira ndi wogulitsa makala. Sindinakuuze."



"Vuto si loko, iwe," ndinatero. "Sukufuna kumusiya, basi. Ngakhale tipite malo makumi asanu upeza chonena. Ine miyendo yatha."

"Sanayambe wakhalapo ndi anthu achilendo."

"Wagona pa munthu wachilendo panopa. Kamuone."

Sanakamuone. Anaima pomwepo akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, mayi wamkulu wa ntchito yake. Ndinamupatsa mpango. Sindine wa zonyengerera, ndipo ndikanayamba, tikanalira tonse pakhonde la eni ake.

"Lolemba ndikamusiya azilira," anatero.

"Azilira. Nawenso uzilira m'basi. Lachinayi mudzakhala mutatopa nonse."

Analowa m'nyumba. Mayi wa makiyi anali atatulutsa kale fomu ndi cholembera, ngati munthu amene makhonde oterewa anawaona ambiri. Mwana wanga analemba mokanikiza, mpaka pepala kuboka. Dzina, tsiku lobadwa, katemera, zakudya zimene zimamuwenga. Za loko ananena ndithu, ndipo mayiyo anati mawa akweza.

"Apa pamunsi," analoza mayi wa makiyi, "munthu woti tizimuimbira mwana akatentha thupi, inu muli ku ntchito. Akhale wapafupi, wosachedwa kubwera."

Mwana wanga sanandifunse. Analemba nambala yanga, manambala aakuluakulu, kenaka anakankhira pepalalo kwa ine kuti ndione.

"Amatentha thupi kangati ana kuno?" ndinafunsa.

"Miyezi yoyambayi? Agogo, foni muzigona nayo pafupi."

Ndinasaina.