Tochi Yosawala

"Fufutani," anatero Lettie. "Fufutani zonse, musandifunsenso."

Alamu ake, a Zakeyu, anali atakhala pabedi, laputopu ya malemu Eston, mwamuna wa Lettie, ili pamiyendo. Mtembo unkanyamuka m'mawa mwake kuchoka kudziko la eni kuno kupita kwawo ku Ntcheu, ndipo a Zakeyu, monga mkulu wake wa malemu, ankafuna kupita ndi laputopuyo kuti akapatse mwana wa iwo a Zakeyuwo, wa kusekondale. Koma akuti zimene zinali m'katimo mwana sakanazitha. Panafunika kuchotsa zonse n'kuikamo Windows, ya anthu.

Pakhomo panaima Sharif, mnzake wa malemu, wokonza mafoni m'tauni. Anali atavula nsapato koma osalowa.

"Amayi, ndipempheko," anatero. "Achimwene Eston anagwiramo ntchito yaikulu umo. Mukafufuta ndiye kuti yapita."

"Ntchito?" Lettie anatambasula manja ake ong'aluka ndi jiki. "Ntchito ndi iyi. Zimene mumachita inu ndi chibwana cha anthu a ndevu."

Anabwerera pa zimene ankachita. Akumochale ankafuna zovala za malemu dzuwa lisanapendeke, ndipo iye anali atasita kale suti ndi malaya oyera. Kachipinda kanali kamodzi komweko, kuseri kwa nyumba ya madamu ku Queenswood: bedi, katebulo, sitovu, ndi katoni yodzaza matochi. Mwamuna wamkulu, wadazi, wosamala maluwa a azungu ku Irene, akaweruka osakhala pansi kucheza ndi mkazi wake ngati anthu. Ayi. Kumasula tochi, kuilumikiza ku laputopu ndi timawaya tonga tsitsi, basi n'kumangogogoda mabatani, lilime lili panja.

"Ku ofesi kwathu ku Centurion aliyense ndi Windows," a Zakeyu ankauza Sharif. "Izi za Linux ndi za anthu osowa chochita. Ndayatsa apa, kwangobwera chimdima ndi timalemba tobiriwira. Mwana aphunzira chiyani pamenepa, ufiti?"

"Eish, achimwene, makina akale amenewo. Mukaikamo zanuzo aziyenda ngati akukoka ngolo. Anawatola atatayidwa, atafa kale. Linux ndi imene inawadzutsa."

"Ndiye imudzutsenso mwini wakeyo," anatero Lettie.



Pakamwa pake pankathamanga choncho, ndipo ndi pakamwa pomwepo pamene pankamusowetsa tulo chichitikireni malirowo. Madzulo omaliza aja Eston anati, "Mayi a Jenifer, mkono uwu ukundichita dzanzi." Iye osacheuka n'komwe, ali kalikiliki kutsuka mbale, anamuyankha kuti, "Ndi kuwerama pa chikompyuta chanucho. Mukadzafa ndidzakukwirirani ndi matochi anuwa, mukawaunikire akufa anzanu." Eston anaseka. Kutacha Lettie anadzuka mwamuna atapita kale, monga mwa masiku onse, pakuti sankamumva akamatuluka. Masana foni inalira. Anamupeza atagwa pakati pa maluwa, paipi ili m'manja, madzi akutulukabe.

Mawu amenewo sanauzeko munthu. Ankangowamva okha m'mutu, ndipo akawamva ukali unkakula, chifukwa munthu woti amukalipire panalibenso.

Ndiye panali nkhani ya sokosi. Kuchipatala anamupatsa jumbo ya zovala zimene malemu anafa nazo, ndipo atatsegula anapeza sokosi imodzi yakuda, ina yofiirira. Manesi anaona zimenezo. Munthu wokhala ndi mkazi kufa atavala ngati wopanda kwawo. Ndipo si kuti kanali koyamba. Kangati kamene anamukalipira pobwera madzulo, sokosi zosiyana, nthawi zina juzi chozondoka? "Matochi katoni yonse, koma simuona chimene mukuvala." Eston ankangoyang'ana kumapazi kwake n'kunena kuti, "Aa, zoonadi."

"Amayi," anayambanso Sharif, "ndisakuvutitseni. Ndikungoti..."

"Bwerani muone ntchito ya mnzanu." Lettie anatola katochi kakang'ono kamene kankakhala pansi pa bedi, pafupi ndi nsapato za malemu. "Iyi inabwera ikuwala ngati galimoto. Waikonza, waikonza, mpaka yafa." Anadina batani. Sipanaoneke kanthu. "Mwaona? Zimenezi ndi zimene ndizisunga?"

Sharif analowa, n'kuphimba kumaso kwa tochiyo ndi chikhatho chake, n'kusuzumira.

"Sinafe, Amayi. Yayaka imeneyi. Dinani kawiri mofulumira."

Lettie anadina kawiri. Kuwala kunawamenya a Zakeyu kumaso mpaka anatsala pang'ono kugwetsa laputopu.

"Alamu, mundipha maso."

"Mwaonatu," anatero Sharif. "Mphamvu zonse zilimo. M'kati mwa tochi ngati iyi muli kaubongo kakang'ono, ndipo malangizo amene kamatsatira ndi aulere, aliyense akhoza kuwatenga n'kuwasintha. Tili ndi gulu pafoni, muli Azulu, amwenye, azungu, ena a kunja. Tonsefe timalimbirana kuti ya ndani ifika patali, ya ndani iunika phiri. Achimwene Eston okha ankalowera kwina. Iwo ankafuna kuti ukadina kamodzi, iyambe ndi kuwala kochepetsetsa. Akatsitsa, amati sizinakwane, atsitsenso. Mpaka tinawatcha Chiphaniphani."

"Zachabechabe," anatero a Zakeyu. "Munthu kuvutikira kuti tochi isawale? Chifukwa chake?"

"Sananene. Ife tinkati mwina akuumira batire, tinkawaseka. Sabata yathayi analemba kuti ikuwalabe kwambiri, afuna atsitsenso pang'ono. Zimenezo ndi zimene zili mu laputopumo, sanamalize."

Lettie anali atagwira malaya oyera aja kuti awapinde. Anawasiya.

Sabata yatha. Mbandakucha wina anatembenuka pabedi, mutu ukumuopseza kuti uyamba, n'kuona kakuwala kofooka kakuyenda pansi. "Zimitsani chimenecho," anatero, n'kugonanso. Sanakumbukenso za izo mpaka tsopano.

Anakweza maso n'kuyang'ana babu limene linkalendewera pakati pa denga. Atangosamukira m'kachipindako, Eston ankaliyatsa mbandakucha uliwonse povala kuti akapeze takisi ya ku Irene. Babulo likangoti ng'ani, mutu waching'alang'ala wa Lettie unkayamba pomwepo, mpaka kusanza m'ndowa, kenako tsiku lonse kukolopa kwa madamu diso limodzi lili chotseka. Anamutukwana nazo mwamunayo, anamutukwanira ndi makolo ake omwe. Kenako mutuwo unayamba kupepuka. Lettie anaimirira kutchalitchi pamaso pa amayi anzake n'kuchitira umboni kuti mapemphero agwira ntchito. Eston anali pa benchi ya abambo, akuomba nawo m'manja.

Babulo linasiya liti kuyaka m'mawa? Sanadziwe. Sanafunsepo.

"Dzukani pabedipo, alamu," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Dzukani. Achimwene, tsekani chitsekocho. Tengani bulangete ilo mupachike pawindo, pasalowe kanthu."

Amuna awiriwo anayang'anana, koma anachita. M'chipinda munada. Lettie anakwera pabedi ndi zovala zake zamaliro n'kugona kumalo kwake, kukhoma, mutu pa pilo.

"Alamu, tochi ndi iyi. Imani pamene pali nsapatopo. Dinani kamodzi."

Kunamveka kuti tcha. Pansi panaoneka kabwalo kofiirira, kosaposa mbale, kongokwanira kuonetsa mphuno ya nsapato. Pakhoma panalibe kanthu. Padenga panalibe kanthu. Lettie anatseka maso, n'kutsegula, n'kutsekanso. Kunalibe kusiyana.

"Tsegulani dirowa yapansiyo. Sankhani sokosi zoti muvale."

"Alamu, masewera anji awa pa maliro?"

"Sankhani."

Dirowa inalira pang'ono. A Zakeyu anafufuza, akung'ung'udza, akuyandikitsa tochi.

"Ndasankha."

"Achimwene, tsegulani chitseko."

Dzuwa linalowa. A Zakeyu anali atagwira sokosi ziwiri, imodzi yakuda, ina yabuluu. Anaziyang'ana, n'kuyang'ana tochi, osamvetsa.

"Mumdimamu zimaoneka zofanana," anatero.

Lettie sanadzuke msanga. Anakhala chigonere akuyang'ana khoma. Munthu uja mkono unkamuchita dzanzi, ndipo m'mawa womaliza uja anavala mumdima womwewu, akufufuza ndi dzanja limodzi, osagunda ngakhale katebulo. Akanayatsa babu, iye akanadzuka. Akanamutukwana, inde, koma akanamuona nkhope, mwina akanati lero musapite. Ukali unamukwera, koma ulendo uno unalibe kolowera. Unangokhala pamenepo, ukutentha.

"Chitsiru cha mwamuna," anatero motsitsa. "Osangonena bwanji."



Atadzuka anapita molunjika pa katebulo, n'kutseka laputopu, n'kuiika pansi pa pilo.

"Iyi sikupita."

"Alamu, mwanena nokha kuti tifufute. Mwana ndamulonjeza kale pafoni."

"Mukamuuze kuti amayi ake aang'ono ndi amisala. Sakadabwa, kumudzi onse amadziwa."

"Muzichita nayo chiyani? Simutha ngakhale kuiyatsa. Katundu wa m'bale wanga..."

"Tengani suti zotsalazo. Tengani njinga, tengani wailesi. Katoni iyi achimwenewa akagawire anzawo a phiri aja. Koma iyi ndi katochi aka, amene azikhudze akhudza ine."

A Zakeyu anaona nkhope ya Lettie. Anabweza sokosi zija m'dirowa n'kutuluka kukaimba foni kunja kwa geti.

Sharif anayamba kuvala nsapato pakhomo.

"Amayi, ngati mungafune, zimene anasiyazo ndikhoza kumaliza. Ndi pang'ono chabe."

"Musamalize. Ndikabwerako kumaliro mudzabwere mudzandionetse pamene analekezera. Ndikufuna ndidzaone ndi maso anga. Ndipo mudzandiphunzitse kuyatsa chinthuchi, Linakisi yanuyo."

"Ndidzabwera, Amayi."

Atatsala yekha anamaliza kupinda malaya, n'kuika suti m'chikwama, tayi pamwamba. Pabedi panali sokosi zatsopano zakuda, zimene madamu anagula kuti malemu apite atavala bwino, zili m'pepala mwake. Anazitola, n'kuzitembenuza, n'kuziika m'dirowa.

Kenako anakoka jumbo ya kuchipatala ija kuseri kwa chitseko. Anatulutsa yakuda ndi yofiirira, n'kuziwongola pa bondo ndi chikhatho, n'kuzipinda pamodzi ngati zapachibale. Anaziika pamwamba pa tayi n'kutseka chikwama.