Magiga Awiri a aKaundula

Mu ofesi imeneyo munthu sankachotsedwa ntchito mwadzidzidzi. Ankayamba n'kumuchepetsera zinthu. Woyang'anira katundu analandidwa mpando wozungulira, kenako fani, kenako anapatsidwa kalata yomuthokoza. AKaundula, amene anasunga mafayilo a kampaniyo zaka makumi awiri ndi zitatu, zonsezi anaziona ndi maso awo. Choncho atamva kuti kompyuta yawo ikuchotsedwa, anaona kuti zawayambira.

Kompyutayo inali yakale, yolira ngati chigayo, ndipo m'kati mwake munali pulogalamu ya mafayilo imene ankaidziwa ndi iwo okha. Abwana anali atanena poyera kuti pulogalamuyo ikakana kuyenda pa makina atsopano, agula ina yoti aliyense angaigwiritse ntchito. AKaundula sanafunse kuti aliyenseyo ndani.

Lachiwiri m'mawa anakokera mpando kumbuyo kwa mayi wa makompyuta, amene anthu ankamutchula kuti Namawaya.

"Ndiye kompyuta yanga yatsopanoyo ili kuti, mwanangu?"

"Ndikuipanga panopa, bambo. Izikhala m'kati mwa seva iyi," anatero Namawaya, akuloza chibokosi chakuda pakona. "Ilibe thupi. Ndingoigawira mphamvu kuchokera mu sevamo, inu muziiona pa sikirini yanu."

AKaundula anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Woyang'anira katundu uja, ngakhale anamulanda fani, tebulo anamusiyira.

Pa sikirini panabwera timabokosi titatu. Koyamba, ka purosesa, Namawaya analemba imodzi. Kachiwiri, ka memore, analemba magiga awiri.

"Nanga asekilitale munawapatsa angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Asekilitale anabwera chaka chatha."

"Sitigawa potengera zaka, bambo. Pulogalamu yanu sidya zambiri."

Mawu amenewo aKaundula anawazindikira. Tsiku la fani, woyang'anira katundu uja anauzidwanso kuti chipinda chake n'chozizira kale.

Pa kabokosi kachitatu, ka mtundu wa disiki, panali mndandanda. Namawaya anadumpha mitundu yonse yatsopano n'kusankha wa pansi penipeni.

"Umenewo ndi uti?"

"Wachikale. Ndi wokhawo umene zinthu zanu zimaudziwa."

Anayankha osatembenuka, ndipo aKaundula anaona kuti munthu wa mtima woyera akanatembenuka. Anakumbukiranso kuti Lachisanu anamuona Namawaya akutuluka mu ofesi ya abwana akumwetulira. Munthu amamwetuliranji potuluka mwa abwana?

Nthawi yomweyo asekilitale anasuzumira pakhomo n'kunena kuti pulinta yamezanso pepala. Namawaya anadzuka.

"Musakhudze kanthu, bambo."

"Ine? Ndikhudzirenji?"

Chitseko chitatsekeka, aKaundula anavala magalasi. Mapurosesa anaika anayi. Magiga anaika khumi ndi asanu ndi limodzi, kuwirikiza kawiri a asekilitale, monga mwa zaka. Disiki anasankha ya pamwamba penipeni. Anasunga zonsezo monga anaonera Namawaya akuchitira, n'kubwerera pampando wawo, manja pamawondo ngati munthu wodikira jekeseni.

Namawaya anabwera ndi abwana, amene ankafuna kudzionera okha. Namawaya anadina poyatsira. Sikirini inada, kenako inasanduka yabuluu, yodzaza timalemba toyera. Inazima, inayakanso, buluu yemweyo.

"Yakana?" anafunsa abwana.

"Dzulo ndinaiyesa pulogalamuyi mu sevamu, inayenda bwinobwino," anatero Namawaya, nkhope itakwinyika.

"Dzulo ndi dzulo." Abwana anayang'ana wotchi yawo. "Tisavutike nazo. Aimbireni anthu a pulogalamu yatsopano aja abwere mawa."

Abwana anali atagwira kale chitseko. AKaundula anayeza zinthu ziwirizo mumtima, ulemu wawo ndi ntchito yawo, ndipo anadabwa kuona kuti ulemuwo unali wopepuka ndithu.

"Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "taonaninso kabokosi kachitatu kaja."

Namawaya anatsegula timabokosito. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kuwayang'ana aKaundula. Ulendo uno iwo ndi amene sanatembenuke. Anali otanganidwa ndi kalendala ya pakhoma.

"Yanenepa ine ndili ku pulinta," anatero Namawaya.

"Zimatheka zimenezo?" anafunsa abwana.

"Nthawi zina, bwana."

Namawaya anabwezera purosesa imodzi, magiga awiri, disiki yachikale. Kompyuta inayaka mwaulemu, ndipo pulogalamu ya mafayilo inatseguka, ndi timizere take tobiriwira tija. Abwana anafunsa fayilo ya galimoto yoyamba ya kampani. AKaundula anaipeza abwana asanamalize kulankhula.

"Chabwino, ikhale choncho," anatero abwana, n'kutuluka.

AKaundula anabwerera ku ofesi yawo n'kuyendera katundu. Mpando wozungulira unalipo. Fani inalipo. Anakhala pansi, koma mtima sunakhale nawo. Namawaya anali ndi mpata wowaulula pamaso pa abwana, ndipo sanawaulule. Munthu amasungiranji nkhani yabwino ngati imeneyo, ngati sakudikira tsiku lake?

Masana anamugulira botolo la chakumwa chozizira, nakamuikira patebulo. Namawaya anathokoza, akumwetulira. AKaundula anakuonanso kumwetulirako.