Malo Alipo mu Mzikiti

Nasoro, kondakitala wa minibasi ya ku Songani, ankafuna kukwatira Zuleka. Chopinga chinali amalume ake a mtsikanayo, Che Faruk, bwana wa mu ofesi ina ya boma mu Zomba, amene ankakhulupirira kuti khalidwe limabwera ndi tayi.

"Ndikamuone kaye ku Juma, mapemphero a Lachisanu," anatero Che Faruk. "Munthu amadziwikira mu mzikiti."

Lachisanu limenelo Nasoro anapempha dalaivala kuti amumasule masana. Anasamba, navala mkanjo wobwereka, nakakhala mu mzikiti wa ku Mbedza, pakamwa atasoka. Shehe akayamba ulaliki munthu salankhula. Zimenezo ankazidziwa kuyambira ku madrasa.

Che Faruk anafika mochedwa, monga amafikira akuluakulu. Munali mutadzaza kale, ndiye anangoima pakhomo kumaunguzaunguza. Diso la Nasoro, lija limaona mpando pomwe ena akuona mawondo, linaona kampata pakati pa madala awiri. Dzanja linangomenya lokha khoma ngati ndi minibasi, pha pha!

"Sunthani uko madala, tithinane! Malo alipo bwana, lowani tinyamuke!"

Mzikiti wonse unacheuka. Anyamata kumbuyo anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedera. Che Faruk anamuyang'ana Nasoro ngati ntchentche yagwera mu tiyi. Koma pakampatapo anakhalapo ndithu, nakhazikika bwinobwino.

Kunkatentha, ndipo ulaliki unali wa tsiku la chiweruzo. Posakhalitsa mutu wa Che Faruk unayamba kuvomereza chilichonse, maso ali tsekee. Shehe anakweza mawu: "Iwe wozunza amasiye, akadzakufunsa tsiku limenelo, udzayankha chiyani?"

Che Faruk anadzidzimuka. "Mubwere mawa, abwana atuluka!"

Mawuwo anafika mpaka kwa amayi kuseri kwa katani. Koma taonani zodabwitsa: palibe anamva. Uyu anatsokomola, uyo anayamba kusirira maluwa a pa kapeti. Ngakhale anyamata aja kuseka kunawathera.

Pemphero la swala litatha, panja povalira nsapato, akuluakulu anawazungulira Che Faruk. "Ntchito ya boma njotopetsa, bwana," anatero mmodzi. "Mukulisenza dzikoli."

Che Faruk anavomera modzichepetsa, kenako analoza Nasoro ndi chibwano. "Mwana wa mlongo wanga ndimupereke kwa munthu wobweretsa depoti m'nyumba ya Mulungu?"

Nasoro ankadziwa chochita. Kugwada, kupepesa, kudikira mkwiyo uphwe, Zuleka nkukhala wake. Bondo linayamba ndithu kupindika.

"Pepani amalume, ndalakwa," anatero. Akanalekera pomwepo. "Depoti ndabweretsadi, koma ine ndinakulowetsani. Inu mwabweretsa ofesi, mpaka tsiku la chiweruzo mwalibweza."

Apa ndiye makutu a aliyense anatseguka.

"Mwano!"

"Ana a masiku ano!"

Che Faruk anamanga zingwe za nsapato mosafulumira. "Ankhoswe ako asavutike kubwera," anatero, nalowa m'galimoto.

Chakumadzulo, minibasi ili pa Songani kudikira anthu, Zuleka anaimba foni.

"Akuti wawauza chiyani amalume?"

Nasoro anabwereza zonse, mawu ndi mawu. Zuleka anaseka mpaka kutsamwa. Kenako kusekako kunatha mwadzidzidzi.

"Sindinaname, Zuleka. Aliyense anamva."

"Sunaname, eya," anatero Zuleka. "Ndiye ine ndikwatiwe ndi chilungamo chakocho?"

Foni inaduka.