Kachoso ka Mchira Waufupi

Tinkadya nyemba pakhonde masana pamene kachoso kobiriwira kanafika pamaluwa. Bambo anamva mapiko ake, nasiya kudya. Chichokereni kwawo kuchilumba cha Cozumel kudzakhala nafe kumtunda kuno, maso awo saonanso bwino.

"Nicté mwanawe, ndi kakwathu kameneka?"

"Ayi, bambo. Mchira wake ndi waufupi. Kakwanu kamakhala ndi mchira wautali wamphanda."

"Ungowanamizako kamodzi," anandinong'oneza mwamuna wanga.

"Ndamva, akamwini! Makutuwa ndi amoyo," anatero bambo akuseka. Kenako anazolika. "Pamanda a amayi ako pamabwera tamchira wautali."

M'mawa mwake ndinawapeza bambo akusungunula shuga m'kabotolo ka madzi kuti tichoso tizibwera kudzamwa. Anapapasa nthambi, n'kukapachika mbali yoyang'ana kunyanja, kenako anakhala pansi kumvetsera.