Lata la Pansi pa Galimoto ya a Namaseko

1.
Lopyapyala kapena lochindikala.

Zina zonse zatha. Chimango ndinawotcherera ndi mapaipi, mateyala alipo, injini ndinaichotsa pa njinga yamoto yonyamula katundu imene inagwera m'ngalande kuno ku Bangwe. Chatsala ndi lata la pansi. Ukasuzumira m'galimoto yanga ukuona dothi, ndi nkhuku ikudutsa.

2.
Ndine Eliyazi Mbewe, wowotcherera zitseko ndi mawindo. Akazi anga, a Namaseko, anafa ziwalo mbali ya kumanzere mvula ya chaka chatha isanagwe. Tchalitchi chathu chili pamwamba pa chitunda. Minibasi sifikako. Pa kabaza sangakhale. Ndinayesapo kuwabereka, anthu n'kuima m'mbali mwa msewu kumatiyang'ana, ndipo titabwerako anati musadzandiberekenso pa anthu, ndine mayi wa Mvano ine, osati thumba la makala.

Mgonero wayandikira. Akufuna akaulandire pakati pa mpingo, osati kuchipinda, abusa atabwera ndi kachikwama.

Pampando amapendekera. M'galimotomu adzakhala kumbuyo, pansi penipeni, pamphasa, miyendo atatambasula. Pakati pa iwo ndi miyala ya mumsewu padzakhala lata lokhalo.

3.
Che Wadi, wogulitsa zitsulo ku Limbe, anandiimikira malata atatu kukhoma.

La milimita imodzi ndi pang'ono: ukaligwedeza limalira ngati bingu lakutali.
La mamilimita awiri: limangong'ung'udza.
La atatu: duu.

Anafunsa za injini. Nditamuuza anaseka mpaka kugwirira chipewa, nati ndi kainjini kameneko lochindikala likakusiyani pakati pa chitunda, mapemphero mukachitira pomwepo. Lopyapyala likwera. Koma mukwezamo angati?

Mmodzi.

Mmodzi, a Mbewe? Galimoto ya ku Bangwe?

Mmodzi ndi ine woyendetsa.

Sindinagule. Ndinagwira lililonse m'mphepete ngati munthu wosankha nsalu, ndinatsanzika, ndinatuluka, ndinalowanso, ndinatulukanso.

4.
Ndikatenga lochindikala galimoto ilemera ndipo injini ikatsamwa pa kona ya chigayo pamene msewu umaima chilili ndiye tibwerera chambuyo mabuleki anga ndimawadziwa ndinamanga ndine koma ndikatenga lopyapyala mwala umodzi wosongoka kapena dzenje limodzi la mvula likhoza kuling'amba ngati chitini cha nsomba ndipo munthu amene sangathe kudzikoka yekha mwendo adzagwira chiyani ndiye nditenge lapakati koma lapakati likhoza kulephera zonse ziwiri kukwera osakwera kulimba osalimba ndipo ndikuyenda kuzungulira galimoto ndikuyezanso pamene ndayeza kale ndatenga nyundo ndaisiya ndamwa madzi opanda ludzu chitseko cha kasitomala chili apo sindinachigwire lopyapyala kapena lochindikala lopyapyala kapena

5.
Inu amene munayala nthaka pansi pa mapazi athu osafunsa munthu makulidwe ake, Inu amene mumadziwa kulemera kwa aliyense, ndiuzeni. Sindikupempha chozizwitsa. Ndikupempha nambala.

6.
A Namaseko amakhala pakhonde, kumene mwamuna wawo amawakhazika m'mawa uliwonse. Dzanja labwino limasola ulusi wa chitenje.

Anamufunsa ngati wagula. Iye anati sanagule. Anamufunsa ngati akudikira mngelo abwere ndi tepi yoyezera.

Eliyazi anawayandikira. Anawanyamula ngati akufuna kuwasunthira pamthunzi, koma anaima nawo m'manja, maso atatsinzina. Kenaka anawabwezera pamalo pomwepo, napita kukanyamula thumba la mchenga, naima nalonso chimodzimodzi.

A Mbewe, mukundiyeza ngati fodya wa ku okushoni?

Mwapepuka, mayi, anatero iye. Ndipo zitatero onse awiri anayang'ana kumbali.

7.
Lopyapyala.

8.
Lata lopyapyala silifuna moto wambiri. Ukangolikhudza ndi ndodo yowotcherera latuluka bowo, ukati utseke bowolo latuluka lina. Ndinasiya moto, ndinaboola m'mphepete, ndinamanga ndi mabawuti.

Ndisanamange ndinaligoneka pa thabwa la mpata, ndi kulisula mizere ndi nyundo, mzere ndi mzere, monga a padenga aja. Lata la padenga ndi lopyapyala koma munthu amayendapo, chifukwa cha mizere. Ndinkasula ndikuyimba za m'buku la nyimbo, nyundo ikundisungira nthawi, a Namaseko akundikonza mawu kuchokera pakhonde, akuti vesi yachiwiri ndimaisakaniza ndi ya maliro.

Ndinaika thumba la mchenga kuti ndiliyese latalo. Silinasunthe. Ndinawonjezera mwala. Silinasunthe.

La munthu mmodzi, ndinaliuza. Wamva? Mmodzi.

9.
Lamulungu la Mgonero.

Bulawuzi yoyera. Siketi yakuda. Duku loyera, limene a Namaseko anamanga okha ndi dzanja limodzi ndi mano, atakana kuti ndithandize.

Injini inalira. Bangwe yonse inatuluka kudzaona, ena akuti ndi ngolo, ena akuti ndi khola la nkhunda lathawa. Tinadutsa msika bwinobwino. Pamlatho, m'tsinde mwa chitunda, tinapeza amayi a Mvano ali pa ulendo wapansi, nsapato zili m'manja.

Imani, anatero a Namaseko.

Ndinawauza motsitsa mawu kuti lata ili ndi la munthu mmodzi.

Galimoto yopita ku tchalitchi idutse amayi a yunifolomu? Ndiye mkate uja mukaulandira ndi dzanja liti?

Ndinaima.

10.
Amene anakwera:

mayi Kalilangwe, amene mawu awo a besi amamveka kuchokera kumsika, ndipo thupi ndi lolingana ndi mawuwo
mayi Chimtengo ndi mawondo awo otupa
a Nasoko ndi ambulera
mlendo wina wochokera ku Thyolo amene sindinamudziwe n'komwe, koma anali mu yunifolomu
dengu la mbale za mpingo

11.
Iwe Eliyazi, usacheuke. Gwira chiwongolero. Walimva likulira koyamba, phoo, ngati mgolo wopanda madzi. Usacheuke. Amayi ayambitsa nyimbo, sakudziwa kanthu, akuyesa ndi ng'oma. Kona ya chigayo iyo. Injini ikutsokomola, ikununkha, nkhuku yoyenda pansi ikukupitirira. Lalira kachiwiri. Bawuti yaduka, waimva ikugubuduzika mumsewu. Kumbuyoko nyimbo yadukiza, pali phokoso, pali wina wakuwa. Ukaima pano ubwerera chambuyo ndi onsewa. Usacheuke. Ambuye, munthu mmodzi, ndinati mmodzi, Inu munamva. Pansi pakukhula mwala. Mtanda wa padenga uwo. Mpanda uwo. Usacheuke.

12.
Tinafika.

Amayi anawanyamula okha a Namaseko kulowa nawo m'tchalitchi, ine osandipatsa mpata. Ndinagwada pafumbi ndi jekete langa la Mgonero kusuzumira pansi. Lata linali litalowa pakati ngati beseni. Mizere yanga yonse itaphwatalala. Pakati pa mimba yake ndi nthaka panangokwana chikhatho.

Chikhatho.

Ulaliki sindinaumve. Chikho chitafika kwa ine ndinangolandira. Ndinaona duku la a Namaseko kutsogolo, pakati pa maduku ena, likuwerama kulandira. Ndinathokoza, koma mumtima ndinali ndili kale ku Limbe. Mawa ndichotsa. Ndiika lochindikala, injini ina ndidzaisaka. Ndipo sindidzaimanso pamlatho.

13.
Ine Namaseko ndinene zanga, poti a Mbewe sanacheuke.

Chidwalireni, anthu amandipatsa moni ataima pakhomo. Akalowa amagwada patali, amapemphera motsitsa mawu, akandigwira dzanja amaligwira ngati dzira. Amene amandikhudza ndi a Mbewe okha, ndipo iwonso amandigwira mwamantha, akuwerenga mumtima.

Lata litalowa pansi tonse tinatsetserekera pakati. Mayi Kalilangwe anandigwera mbali yakufayi ndi thupi lawo lonse. Chigongono cha a Nasoko m'nthiti. Thukuta, mafuta odzola, mbale zikugubuduzika pamiyendo. Mlendo wa ku Thyolo anandikumbatira m'khosi kuti asagwe, iye kugwira ine, ine kukhala chogwirira cha munthu. Ndiye mayi Kalilangwe anandibaya ndi chala, nati tasunthani inu a Namaseko, mwandikhalira siketi, ulesi womwe uja simunasiye.

Kundikalipira. Ngati kale.

Kukuwa kumene anamva a Mbewe kunali kuseka kwanga. Kwasintha, pakamwa panapotoka, sanakuzindikire.

Madzulo ano atenga sipanala kuti amasule latalo. Ndawauza kuti musaliwongole.

Akuti lithyoka, mayi, mwatsala pang'ono kukhala pamsewu.

Ikani paipi pansi pake, ikani ziwiri, mabawuti onjezerani. Koma dzenjelo mulisiye.

Aima ndi sipanala m'manja, akuyang'ana lata, akuyang'ana ine.

Lachinayi kuli Mvano, a Mbewe. Amayi aja ndawauza kale atidikire pamlatho.