Mwenya Padzuwa, Hillary Pamthunzi

Nusra Jumanne anatsika minibasi pa komboni ya Kalingalinga kamera ili pakhosi. Dzuwa la Okutobala. Fumbi. Makina odulira zitsulo akulira m'mbali mwa msewu.

Iye anabadwira ku Chawama, komboni ina ya mumzinda womwewo. Agogo ake ndiwo anachokera ku Mangochi, telala. Koma akangotchula dzina, anthu ankafunsa: "Nanga kwanu kwenikweni ni kuti?" Funsolo linamukwana. Anayamba kuzungulira makomboni, kujambula anthu ena amene amafunsidwa chimodzimodzi. Matero, George, Kanyama, konse anapondako. Chinatsala chithunzi chimodzi, ndipo mawa lake zonse zinkapita kosindikiza.

Ankafuna abale awiri owotcherera mageti, Mwenya ndi Hillary. Mimba imodzi, mayi wa ku Kasama. Bambo a Mwenya anali Mbemba. Bambo a Hillary anali Mgiriki wa sitolo, amene anapita osatsanzika. Mwenya wakuda bii. Hillary woyera, moti makondakitala ankamupatsa moni m'Chingerezi, iye n'kuwatukwana m'Chibemba.

Hillary anali atakana katatu kujambulidwa. Lero anavomera monyinyirika.

"Mphindi khumi chabe, ba Nusra. Geti ya anthu iyembekeza."

Nusra anawaimika pakhomo pa shedi yawo, phewa ndi phewa. Anajambula. Anayang'ana pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Hillary ankaoneka bwinobwino. Mwenya anali maso ndi mano basi. Anawonjezera kuwala, n'kujambulanso. Mwenya anatulukira, koma Hillary anayera mbee ngati pepala, mphuno osaoneka.

Mwenya anasuzumira, n'kuseka.

"Osavutika, ba sisi. Mapikicha yonse ya pa nyumba ni so. Uyu aoneka, ine ni mano chabe. Ya pa ukwati wanga, anthu afunsa ngati mkwati ni uyu."

Nusra sanaseke nawo. Chithunzi cha nkhope imodzi sankachifuna. Anayang'ana pamene mthunzi wa shedi unalekezera.

"Ba Hillary, sendezaniko kumbuyo, mulowe mu mthunzi. Ba Mwenya akhale pa dzuwa."

Nkhope ya Hillary inasintha.

"Ine kumbuyo?"

"Pang'ono chabe. Kuti kuwala kulingane."

"Potenga chitupa, ananiimika pambali, ati tikufunseko vinthu. Pa maliro ya ba mayo, ena ananipatsa mpando wa alendo. Alendo! Manje naimwe mufuna nichoke pafupi na mkulu wanga?" Anatola chigoba chake chotchingira maso. "Kopani pikicha ya Mwenya yekha. Ine nili na nchito."

"Iwe mzungu wa ku Kasama, khala pansi," anatero Mwenya.

"Choka iwe."

Nusra anadziwa kuti Hillary akangovala chigobacho, zatha. Sanatsutsane naye. Anamulondola mpaka pa geti, n'kumuikira kamera pamaso. Chithunzi choyamba chija.

"Onani, ba Hillary. Vuto si imwe. Ni kachipangizo aka. Kakaona nkhope yoyera, kaiwala inzake. Ine sinifuna kukamvera."

Hillary anayang'ana. Iye apo, nsidze zonse kuwerengeka. Pambali pake chinthu chakuda chovala ovolosi. Anatembenukira kwa mkulu wake.

"Mwenya. Zoona ulibe pikicha yooneka nkhope?"

"Ya pa chitupa. Nioneka monga nathawa ku jele."

Hillary anaika chigoba pansi. Anakweza maso kudzuwa, n'kutsinzina diso limodzi, monga amachitira poyeza ngodya ya geti.

"Kumbuyo siniyenda," anatero. "Mthunzi ndiye uzabwera kuli ine."

Analowa m'shedi. Anatuluka ndi lata lotsala pa geti ina. Anakwera pa dilamu, n'kulitulutsa kunsonga ya denga, kulimanga ndi waya. Anatsika. Anayang'ana pansi. Anakweranso, kulisuntha zala zitatu. Mthunzi unagwa pakhomo, wowongoka ngati wolemba ndi rula.

Judith, mayi wogulitsa tomato tsidya la ngalande, anakuwa: "Ba Hillary, muopa kuda?"

"Gulitsani tomato, ba Judith, yaola!"

Hillary anaima mumthunzimo. Mwenya anaima padzuwa. Mapewa anagundana. Mzere wa mthunzi unadutsa pakati pawo penipeni.

Nusra anagwada m'fumbi. Thukuta m'maso. Anajambula kamodzi. Kawiri. Anayang'ana.

Onse analipo. Mwenya ndi khungu lake lonse, lowala ngati chitsulo chopaka mafuta. Chipsera cha moto patsaya. Makwinya apamphumi. Hillary pambali pake, nkhope yofiirira, yodzaza, maso olimba. Palibe amene anamira. Zaka zisanu ndi zitatu akugwira kamera, Nusra anali asanatulutsepo chithunzi chotere.

Anaimirira, n'kuwaonetsa.

Hillary anagwedeza mutu kamodzi, ngati wayesa loko n'kupeza akutseka. Anapita kukamasula lata lake.

Mwenya sanaseke ulendo uno. Anatenga kamera m'manja mwa Nusra, ndi zala zake za girisi. Anayandikitsa kumaso. Anatalikitsa. Anakhudza chipsera chake patsaya, n'kuyang'ananso.

"Kansi ndine so," anatero motsitsa. Kenako mokweza: "Ba Judith! Bwerani muone mwamuna!"

Nusra sankalola munthu kugwira kamera yake. Anapukuta manja pa buluku, n'kumusiya awoloke nayo ngalande.